Dzanja Lamanja la a Payiloti

Kupaki ya zosangalatsa aliyense ankawatchula kuti a Payiloti, ngakhale kuti chibadwire anali asanapondepo m'ndege yeniyeni. Ndege zawo zinali tindege ta ana tisanu ndi kamodzi, topakidwa utoto wofiira ndi wachikasu, tomangiriridwa ku mikono yachitsulo yozungulira mzati umodzi. Anatiyendetsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

M'kandege kalikonse munali kachiwongolero. Kachiwongoleroko sikanali kolumikizidwa ku chilichonse, kanangomangidwa ndi bawuti imodzi pathabwa. Wokweza ndi kutsitsa tindegeto anali iwo, ali m'kanyumba kawo, ndi tizitsulo tobisika pansi pa zenera. Luso lonse linali m'maso. Mwana akakoka kachiwongolero, iwo ankakweza kandege kake nthawi yomweyo. Akakankha, ankatsitsa. Ukachedwa pang'ono mwana amalitulukira bodzalo, koma iwo sankachedwa. Ana ankatsika akuyenda monyang'wa, n'kumauza amayi awo kuti, "Mwandiona? Ndimayendetsa ndekha."

Chaka chimenecho dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Chinayamba ndi chala chachikulu, kenako kapu ya tiyi inayamba kugogoda mano. Bwana wa pakiyo, mwana wadzulodzulo amene nayenso anakwerapo tindegeto akadali wa kabudula, anawaitanira mu ofesi Lachinayi n'kuwapatsa mpando wabwino.

"Madala, palibe akukuthamangitsani," anatero bwanayo. "Ngati dzanja lili bwino, pitirizani. Ngati ayi, pageti pali mpando, muzikang'amba matikiti. Mundiuze Lolemba. Mwini thupi ndinu, mukudziwa ndinu."

Vuto linali pomwepo: sankadziwa. Anafunsa mlonda wa pageti, iye anati, "Aa, dzanja limenelo n'lachinyamata." Anafunsa mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino. Iye analitembenuza dzanjalo uku ndi uku n'kunena kuti, "Si zoopsa, Bambo, komanso kupuma sikoipa." Chimwalirire akazi awo panalibenso wowauza chinthu mosazungulira. Mayi aja akanakhalapo akanangoti "dzanjalo latha" kapena "mukungodzimvera chisoni", nkhani n'kuthera pomwepo. Tsopano aliyense ankawayankhula ndi mawu ofewa ngati a m'wodi ya odwala, ndipo munthu amene wakhala zaka zonsezo akunamiza ana mwachikondi amalimva fungo la bodza lachikondi lidakali kutali.

Loweruka m'mawa mwana wawo uja anafika ndi galimoto.

"Valani jekete, Bambo. Tikupita kokayenda."

"Kuti?"

"Mukaona konko. Zaka zonsezi anthu akukutchulani Payiloti, manyazi mulibe?"

Anayenda ola lathunthu mpaka anakhotera m'kamsewu kafumbi. Kumapeto kwake kunali bwalo la udzu wotchetchedwa bwino, shedi yaikulu ya malata, ndi tindege titatu tili phee padzuwa. M'kaofesi ka pambali pa shediyo anapezamo mayi wamfupi, wa imvi ziwiri zitatu, magalasi akuda ali pamphumi. Ameneyo ndiye anali woyendetsa ndege. Atapatsana moni, mayiyo anakankha sikelo ndi phazi.

"Kwerani apa, bambo."

A Payiloti anayang'ana sikeloyo, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Wandibweretsa kuchipatala?"

"Chipatala chake chiti, Bambo? Ndege simukuziona panjapo?"

"Pano timayeza aliyense, ndi chikwama chomwe," anatero mayiyo. "Kandegeka n'kakang'ono. Kamafuna kudziwiratu kuti wakhala mbali iti ndani."

Anakwera. Mwana wawo nayenso anakwera, atayamba wavula nsapato ndi kunong'oneza kuti nambalayo isatchulidwe mokweza. Mayiyo analemba papepala, n'kulamula kuti namwino akhale kumbuyo, bambo kutsogolo pafupi ndi iye. A Payiloti mumtima anati zimenezi anapanganiratu pafoni awiriwa.

Pafupi ndi kandegeko anagogoda phiko ndi chala. Linalira ngati chitini cha mkaka. Tindege tawo tinali tokhuthala kuposa pamenepo. Kenako anawerama n'kusuzumira kunsi kwa mimba yake, ndipo anakhala chiweramire kanthawi asanazindikire chimene ankafuna. Ankafuna pamene pamangiriridwa mkono wachitsulo.

"Mwataya chiyani?" anafunsa mayiyo.

"Palibe."

M'katimo munali mothina ngati m'galimoto yaing'ono, mapewa kukhudzana. Kutsogolo kwa mayiyo kunali chiwongolero, kutsogolo kwa iwonso kunali china chofanana nacho. Mayiyo anawamanga lamba yekha, monga momwe iwo ankamangira ana, mpaka kukoka kawiri poyesa. Anawaveka mahedifoni. Injini itadzuka, kandege konse kanayamba kunjenjemera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri dzanja lawo silinasiyane ndi zinthu zina zonse.

Kanathamanga paudzupo kakudumphadumpha ngati ngolo. Kenako kudumpha kuja kunangoti zii. Anasuzumira pazenera, n'kuona tayala likuzungulira lokha m'malere, udzu ukutsalira pansi. Thupi lawo linadikira kuti kandegeko kakhote kayambe kuzungulira, chifukwa ndege zonse zimene ankazidziwa zinkazungulira, koma aka kanangolunjika kutsogolo, kumakwererabe. Anayamba kuwerenga mphindi zitatu mumtima, poti belu la kupaki limalira pa mphindi zitatu. Mphindi zitatu zinakwana, belu osalira, wotsika panalibe.

"Muli bwanji kumeneko, bambo?" Mawu a mayiyo anamveka m'kati mwenimweni mwa mutu, ngati maganizo a munthu wina.

"Ndilipo."

"Bambo, mukuona mtsinje uwo?" anatero mwana wawo kumbuyoko. "Taonani mlatho uja tinadutsa."

Anaona. Anaonanso madenga a nyumba ali ndi zinthu zimene eni ake anaziiwala kalekale, matayala, mipira, mpando wothyoka. Magalimoto ankayenda opanda phokoso. Sankadziwa ngati chimene chinkawagunda pachifuwa chinali mantha kapena chisangalalo, poti zonse ziwiri zimakhala malo amodzi. Anadzipeza akumwetulira, n'kutseka pakamwa msanga.

Atakwera mpaka pamene anthu sankaonekanso, mayiyo anawongola kandegeko n'kutembenukira kwa iwo.

"Ndamva kuti ndinu mnzanga pantchito. Gwirani chiwongolero chanucho. Dzanja limodzi, mofewa, ngati mwagwira dzira. Mukakoka tikwera, mukakankha titsika. Pang'onopang'ono. Ndikati ndege yanga, musiye."

A Payiloti anachiyang'ana chiwongolerocho. Mawu amenewo ankawadziwa. Anali awo omwe, amene ankauza mwana aliyense pomumanga lamba: ukakoka ukwera, ukakankha utsika. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero kandege kanali ka wina, mwana anali iwo.

Anagwira ndi dzanja lamanja lomwelo. Mayiyo anachotsa manja ake, n'kuwaonetsa zikhatho.

"Ndege yanu."

Iwo sanayang'ane zikhathozo. Amene amaonetsa manja ndiye kuti chinsinsi chili kwina. Anatsitsa maso mwakachetechete, ndipo anachipeza: mapazi onse awiri a mayiyo anali pa zitsulo zopondera, pansi, pobisika bwino. Anagwedeza mutu. Iwo ankabisa pansi pa zenera, uyu amabisa pansi pa mawondo.

Anapotoza chiwongolero pang'ono kumanzere. Phiko lakumanzere linawerama, dziko lonse n'kupendekeka. Anabweza, linabwerera. Anakoka pang'ono, mphuno ya kandege inadzuka. Chiwongolero cha mayiyo chinkayenda chokha mofanana ndi chawo, ndipo iwo anati ndiye kuti mapazi aja akuyendetsa zonse ziwiri. Anayesanso kumanja, mwadzidzidzi pang'ono. Kandege kanatsatira pompo. Panalibe kuchedwa ngakhale kwa kuphethira kwa diso, chonsecho mayiyo sankayang'ana n'komwe dzanja lawo, ankayang'ana panja. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, iwo sanafikepo pamenepo. Anamuchitira nsanje.

Kapena n'zoona? Chiwongolerocho chinali ndi kulemera kwake, chinkakankha dzanja ngati chamoyo. Koma ndani wamisala angapereke ndege yeniyeni, m'mwamba muno, kwa nkhalamba imene kapu ya tiyi ikuikanika? Ayi. Ndiye kuti mwana wawo anamuuza mayiyu za dzanja, za Lolemba, za zonse. Anati akawasangalatse bambo, adzione ngati munthu, kuti mawa akavomere mpando wa pageti mtima uli m'malo. Kapena anati adzione kuti akadali ndi mphamvu? Sankadziwa kuti bodzali likuwakankhira mbali iti, ndipo zimenezo zinawasokoneza kuposa bodza lenilenilo.

"Taonani, Bambo, mukuyendetsa nokha," anatero mwana wawo, foni ili m'mwamba akujambula. "Nokhanokha."

Amayi onse amene ankaima pampanda wa tindege ankanena mawu omwewo, ndi kamvekedwe komweko.

Pachaka pankabwera mwana mmodzi kapena awiri ochenjera, kawirikawiri kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri. Kameneko sikankayang'ana amayi ake, kankayang'ana kukanyumba. Kankayamba ngati kakukoka, kenako n'kukankha mwamphamvu mosayembekezeka, maso ali pa iwo. Ndi ana okhawo amene anawagwirapo. A Payiloti anapuma mpweya wambiri. Anakoka pang'ono, maso ali pa mapazi a mayiyo, kenako anakankha chiwongolero ndi mphamvu zawo zonse.

Thambo linasowa. Pazenera lakutsogolo panadzaza minda. Thupi linanyamuka pampando, lamba n'kuluma mapewa, foni ya mwana wawo inamenya denga, fumbi la pansi linakwera m'maso. Kumbuyo kunamveka kukuwa kumene anakumva komaliza mwanayo ali wa zaka zinayi.

"Ndege yanga. Siyani."

Mapazi a mayiyo sanasunthe.

"Siyani, bambo."

Minda inkakula. Pakati pake panali mtengo umodzi, ndipo unayamba kuoneka nthambi.

"Siyani!"

Chikhatho cha mayiyo chinatera pamkono pawo, dzanja n'kugwera pamwendo. Kenako china chake cholemera chinawakanikizira pampando, masaya kukokera pansi, ndipo thambo linabwerera pang'onopang'ono pamalo pake. Kwa kanthawi m'mahedifoni munkangomveka kupuma kwa anthu atatu, kenako phokoso la pepala, mwana wawo akusanzira m'kathumba.

A Payiloti anaona kuti ayenera kunena kanthu. Ulemu ndi ulemu, mmisiri amayamika mmisiri mnzake.

"Mayi, ntchito mumaidziwa. Simunachedwe ngakhale pang'ono. Koma mapazi sindinawaone."

Mayiyo anakweza magalasi akuda aja n'kuwayang'ana nthawi yaitali.

"Manja anu akhale pamiyendo mpaka titatera," anatero.

Anatera. Injini itazima, mayiyo anatsika, n'kuzungulira, n'kuwatsegulira chitseko. Sanakweze mawu, koma milomo inali itauma.

"Ndakweza anthu amantha, oledzera, ngakhale wina amene ankafuna kutsegula chitseko kuti alavule. Koma wofuna kudzipha pamodzi ndi mwana wake ndamuona lero. Chinakulowani n'chiyani?"

"Ndimafuna ndikugwireni."

"Mundigwire ndikutani?"

"Mukuyendetsa ndi mapazi."

Mayiyo anatembenukira kwa namwino, amene anali atatsamira phiko, nkhope ili mbuu. "Bambo anuwa mutu umayenda bwinobwino?"

Mwana wawo anawayang'ana, kukamwa kuli yasa. Kenako anagwira pamphumi.

"Mayo ine. Akuganiza kuti n'chachidole. Tindege tawo ta kupaki, chiwongolero chake sichigwira ntchito, amakweza ndi iwowo ali m'kanyumba." Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka misozi. "Bambo, inu mumaganiza kuti ine ndingakuchiteni zimenezo?"

Funsolo linali ndi mayankho awiri ndipo onse anali oipa.

"Bwerani kuno," anatero mayiyo. Anauza namwino kuti akwerenso akhale pampando wa bambo ake, ndipo iye anawatengera a Payiloti kumchira. "Kankhani, achemwali."

Mbali yakumbuyo ya mchira, yopyapyala ngati chitseko cha kabati, inawerama.

"Kokani."

Inadzuka.

A Payiloti anasuzumira m'kandegemo kudzera pazenera lakumbuyo. Mpando wa mayiyo unali wopanda munthu. Anazungulira mbali inayo kukaona ngati pali wina. Panalibe.

"Nanga zopondera zija?"

"Zimakhotetsa ichi choimirirachi. Sizikweza, sizitsitsa."

"Ndione waya."

Mayiyo anapumira m'mwamba, komabe anatulutsa sikuludiraiva m'thumba, n'kumasula kachitseko kakang'ono pambali pa mchira. M'katimo munadutsa mawaya awiri, oonda ngati a buleki ya njinga. A Payiloti anaikapo chala. Mwana wawo atakankha, waya anayenda pansi pa chalacho. Atakoka, anabwerera. Anachotsa chala, n'kuchiikanso, n'kuuza mwanayo kuti abwereze. Waya anayendanso.

Anakhala pansi paudzu pomwepo, jekete yabwino ija osaiganizira. Mtengo uja unabwerera m'maso mwawo ndi nthambi zake zonse, ndipo kumbuyo kwa mutu wawo mwana ankakuwabe.

"Ndalakwa, mayi," anatero patapita nthawi. "Ndalakwa kwambiri."

"Mwalakwadi."

Mawu amenewo anawalowa ngati madzi ozizira. Panali patapita zaka zitatu, chimwalirire akazi awo, wina asanawavomereze kuti alakwa. Anakweza maso. Mayiyu anali wokwiya, sanali mbale wawo, ndipo sankayembekeza kudzawaonanso. Munthu wotere alibe chifukwa chokometsera mawu. Anatambasula dzanja lamanja, likunjenjemera poyera.

"Ndifunse chimodzi. Dzanjali munaliona. Lili bwanji?"

"Ine si dokotala. Namwino ndi uyo."

"Uyo ndi mwana wanga. Ndikufunsa inu."

Mayiyo anabweza kachitseko kaja, n'kumanga masikuluwu onse anayi asanayankhe.

"Kunjenjemerako ndinakuona tisanakwere. Si kanthu. Mutagwira chiwongolero kunachepa, ndipo mphindi zinayi zija munayendetsa mosalala kuposa anyamata ambiri amene ndimawaphunzitsa. Dzanja lanu limamva makina." Anaika sikuludiraiva m'thumba. "Koma ndinati siyani katatu. Kachitatu ndinachita kukumenyani. Pamenepo ndiye sindikudziwa, kaya ndi dzanja, kaya ndi mutu."

"Ndi makani amenewo," anatero mwana wawo msangamsanga, akutsika m'kandege. "Simukuwadziwa bambo angawa. Amayi ankati ukawauza kuti khalani pansi, amaimirira ngakhale miyendo ikupweteka. Sanafune kusiya, basi. Si choncho, Bambo?"

Anamuyang'ana mwanayo modabwa. Iyeyu ndi amene masiku onsewa ankati kupuma sikoipa, lero ndi amene akuliikira kumbuyo dzanjalo. Zikanakhala zosavuta kuvomera. Makani ankawadziwa, anakhala nawo moyo wonse ndipo sanawachotsepo ntchito. Anabwerera m'maganizo mwawo kukafufuza bwinobwino, ngati munthu wofuna kiyi m'matumba. Mawu oyamba aja anawamva. Anaona mapazi osasuntha, ndipo mtima unati siya. Anakumbuka kuti anatuma zala kuti zitseguke. Anakumbukanso kuti anaziyang'ana zili gwa pa chiwongolero, zoyera m'mfundo, ngati za munthu wina.

M'kanyumba kawo ka kupaki, tizitsulo tokweza tindege ankatiseweretsa ndi dzanja lamanzere. Lamanja linkafinya chogwirira chimodzi chachikulu, ndipo tindege tinkazungulira pokhapokha chogwiriracho chili chofinyidwa. Mwana akamasula lamba n'kuimirira, kapena kamng'ono kake kakalowa pansi pa mpanda kuthamangira mkulu wake, sufuna batani, suitana munthu. Umangotsegula dzanja, zonse n'kuima. Zinachitikapo kasanu ndi kawiri pa zaka zonsezo, ndipo kasanu ndi kawiri konseko dzanja linatseguka mutu usanaganize.

"Ndinamva koyamba," anatero.

"Mwati bwanji, Bambo?"

"Ndinamva koyamba. Sizinatseguke."

Mwana wawo anakhala pansi pambali pawo. Anatenga dzanjalo, koma ulendo uno sanalitembenuze ngati namwino, anangoligwira. Mayi woyendetsa ndege anawasiya, n'kupita kukatenga timitengo totsekera matayala.

"Mwina ndi mantha chabe," anatero mwanayo chapansipansi. "Aliyense akhoza kuuma manja m'mwamba muja."

"Mwina."

"Ndiye tikayezetse kaye. Ndikapempha bwana wanu adikire sabata ina."

"Mawa ndi Lamulungu. Ana amadzaza."

"Ndiye mutani?"

Anadzuka okha, akukana dzanja limene mwanayo anawapatsa, n'kusasa udzu pa thalauza. Mutu unali ukuzungulirabe, ndipo sankadziwa bwinobwino ngati lero wakhala tsiku labwino kapena loipa. Anayendetsa ndege yeniyeni mphindi zinayi osadziwa kuti akuyendetsa, ndipo zimenezo sankadziwa kuti azisunge pati.

"Foni yako yapulumuka?"

Mwanayo anaitulutsa. Galasi linali litang'aluka pakona, koma inayaka.

"Muimbire bwana. Umuuze kuti mawa aike munthu wina pa chogwirira. Lolemba asadikire."

"Ndiye kuti mukupita pageti?"

"Pageti apite yekha. Ine ndikakhala m'kanyumba momwemo, kumanzere. Wobwerayo agwire chogwirira, maso ndimuphunzitsa ndine. Akangomusiya yekha, ana amugwira tsiku loyamba."

"Akakana bwanayo?"

"Imba kaye."

Mwanayo anayamba kufufuza nambala pagalasi long'alukalo. A Payiloti anapita kukathandiza mayi uja kukankhira kandege mu shedi, ndipo iye anawalozera pogwira, kutali ndi chitseko cha kandegeko ndi chiwongolero chake.